Ndinkafuna akatumba, ndinatsala pang'ono kuwononga impso

Ndinayamba mu Malichi 2022 ndili kwathu ku Ulongwe, ku Angónia. Ndinali ndi zaka 23, wamtali mamita 1.72, ndipo sikelo ya ogula soya pamsika inkandipatsa makilogalamu 58. Malaya ankangolendewera m'mapewa. Ndalama yokalipira kumalo onyamulira zitsulo ndinalibe, choncho ndinaganiza zogwiritsa ntchito kulemera kwa thupi langa lomwe: mapushapu, amene ena kuno amati flexão, kunjuta, ndi kudzikoka pa nthambi ya mango kuseri kwa nyumba. Njira imeneyi imagwiradi ntchito, pakuti lero ndikulemera makilogalamu 66. Koma ndisanafike apa ndinataya zaka ziwiri, ndinagona m'chipatala masiku anayi, ndipo impso zanga zinapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Ndalemba kuti wina asadzere njira yomweyo.

Miyezi itatu yoyamba inandinamiza. Tsiku loyamba ndinakwanitsa mapushapu 14, pofika Juni ndinkafika 45 osapuma. Kudzikoka ndinachoka pa 2 kufika pa 8. Ndinkayesa kuti minofu ikukula mwachangu chomwecho. Sindinkadziwa kuti m'masabata oyamba mphamvu zambiri zimabwera chifukwa ubongo ndi mitsempha zikuphunzira kugwiritsa ntchito minofu imene ilipo kale, ndipo mnofu watsopano umayamba kuoneka ndi maso pakadutsa miyezi iwiri kapena itatu. Ndikanadziwa, ndikanayeza mkono, chifuwa ndi ntchafu ndi tepi ya telala tsiku loyamba lomwelo, m'malo mongowerenga mapushapu.

Kenako zonse zinaima. Ine nzeru imene ndinali nayo inali yochulukitsa: 100 m'mawa, 100 masana, 100 madzulo, tsiku lililonse, Lamlungu lomwe. Ndinachita zimenezi miyezi isanu ndi umodzi. Mkono sunawonjezere ngakhale sentimita imodzi, mfundo za manja zinkawawa, ndipo phewa lakumanja linkabaya kutsogoloku ndikamavala malaya. Usiku ndinkadziyang'ana pagalasi n'kumakwiya, n'kumati mwina thupi lakwathu silikula basi.

Vuto silinali mtundu wathu. Pa pushapu wamba, manja amanyamula pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kulemera kwa thupi. Kwa ine anali makilogalamu 37 kapena 38. Thupi likazolowera katundu ameneyo moti ukumukankha ka 40 kapena ka 50, kuwonjezera chiwerengero kumangokuphunzitsa kupirira. Taonani alimi akwathu: amagwira khasu tsiku lonse, ndi opirira zedi, koma mikono yawo siikula chaka ndi chaka, chifukwa khasu silisintha kulemera. Mnofu umakula bwino pamene ntchitoyo yalimba moti pakati pa ka 6 ndi ka 15 wayamba kulephera. Ndiponso sukula pa nthawi imene ukuukakamizayo, umakula ukamapuma, makamaka kutulo, ndipo umafuna masiku ngati awiri usanaubwerezenso. Ine sindinkaupatsa ngakhale usiku umodzi wathunthu.

Kadyedwe nakonso kanali kopereŵera, ngakhale ndinkakhuta. M'mawa tiyi ndi mbatata, masana nsima ya masamba, madzulo nsima ya nyemba zochepa zamsuzi wambiri. Mu Disembala 2022 ndinagula chitini cha ufa womanga thupi kwa munthu wina wa pa Facebook, mametikali 2,800. Chinatha m'masabata asanu, osasintha kanthu, pakuti kachitidwe kanga kanali komweko. Ndalama imeneyo ikanandigulira mazira oposa 200.

Mu Epulo 2023 ndinaleka chifukwa cha kukolola, kenako chisanu cha Juni ndi Julayi, chimene ku Angónia kuno simasewera, chinandisunga m'bulangete. Mu Seputembala ndinasamukira ku Moatize kukathandiza atsibweni m'sitolo yawo ya simenti ndi malata. Apa n'kuti ndatha miyezi isanu osachita chilichonse. Amene sanafikeko adziwe kuti Moatize ndi Tete zili kuchigwa cha Zambezi, ndipo mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40. Thupi langa la kumapiri linali lisanazolowere.

Loweruka lina mu Okutobala ndinapeza anyamata akudzikoka pa chitsulo cha golo kubwalo la mpira. Tinapikisana: kudzikoka 100, mapushapu 200, kunjuta 200. Inali 2 koloko masana, dzulo lake ndinali nditamwa mowa, ndipo madzi amene ndinali nawo anali theka la lita. Nditafika pa 30 mikono inakana. Mmodzi anati, "Ingodumphani achimwene, mukafika pamwamba muzitsika pang'onopang'ono, timawerengabe." Ndinachita choncho ka 70. Apa m'pamene ndinadzipweteka kwambiri. Kutsika pang'onopang'ono mnofu uli wokungika ndiko kumang'amba ulusi wa mnofu kuposa kukwera, ndipo munthu amatha kupitiriza kutsika ngakhale mphamvu zokwera zitatheratu, choncho palibe chimene chimamuletsa.

Lamlungu mikono inakana kuwongoka. Inapindika ngati ndanyamula mphika wamoto, yotupa, yolimba ngati nkhuni. Ndinasangalalako pang'ono poona kutupako. Lolemba m'mawa mkodzo unatuluka ngati tiyi wopanda mkaka, pofika madzulo unada ngati Coca-Cola, ndipo unkatuluka wochepa kwambiri. Ndinkamva nseru ndi kufooka. Ine ndinaganiza za malungo, atsibweni anati ndi likodzo chifukwa ndinali nditasambako mu mtsinje wa Revúbuè. Ndinatuma mwana kukagula ibuprofen ndi diclofenac, ndinamwa zonse ziwiri. Chonde musadzachite zimenezi. Mankhwala amenewa amachepetsa magazi opita ku impso, ndipo impso zanga zinali kale pamoto.

Ndinapita kuchipatala Lachiwiri, patatha masiku atatu. Malungo sanapezeke. Namwino wina wachikulire atayang'ana mkodzo m'kabotolo anandigwira mkono n'kufunsa, "Mwana wanga, manjawa mwawatani?" Nditafotokoza za Loweruka lija anasintha nkhope n'kukaitana adokotala, ndipo tsiku lomwelo ananditumiza kuchipatala chachikulu kutsidya kwa Zambezi. Kumeneko anayeza magazi, makamaka zinthu ziwiri: creatine kinase, imene imasonyeza kuchuluka kwa mnofu wowonongeka, ndi creatinine, imene imasonyeza mmene impso zikusefera. Zonse zinali zokwera. Matendawa amatchedwa rhabdomyolysis. Mnofu ukawonongeka wambiri nthawi imodzi umatulutsira m'magazi chinthu chotchedwa myoglobin, ndicho chimadetsa mkodzo, ndipo chikachuluka chimatseka timachubu ta impso, makamaka ngati m'thupi mulibe madzi okwanira.

Anandiika madiripi usana ndi usiku, mkodzo wonse n'kumautungira m'chigubu choyezera. Adokotala anandiuza mosabisa kuti impso zikapanda kutseguka ndidzafunika makina osefa magazi. Usiku umenewo sindinagone, ndinkangoyang'ana chigubu chija. Mayi anga anakwera chapa kuchokera ku Ulongwe, makilomita oposa 200, atasiya munda wa kudimba wopanda wothirira. Tsiku lachitatu mkodzo unayamba kuyera, lachinayi madzulo ananditulutsa. Chipatala chenichenicho sichinadye ndalama zambiri, koma ulendo wa mayi, chakudya, kuyezetsa magazi kawiri pambuyo pake ndi masabata atatu osagwira ntchito zinandidyera mametikali pafupifupi 6,000. Ndinatuluka ndikulemera makilogalamu 57.

Kusiyanitsa kuwawa kwabwinobwino ndi koopsa n'kofunika kwambiri, ndiye ndikhalepo pang'ono. Kuwawa kwa masiku onse kumayamba tsiku lotsatira, kumafika pachimake pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, kumachepa ukamayendayenda, ndipo mkodzo sukusintha. Koopsa kumabwera ndi kutupa koonekeratu, chiwalo kukana kuwongoka, kufooka kwakukulu, ndi mkodzo wakuda kapena wochepa. Ukaona mkodzo wotere utachita masewero olimba, pita kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo uyambe ndiwe kunena zimene unachita, chifukwa kuno mkodzo wakuda aliyense amayamba waganiza za malungo kapena likodzo. Amene amagwidwa si ofooka okha ayi, komanso anthu ngati ine, amene anali ndi mphamvu kale, anapuma miyezi, n'kubwerera ndi chiwerengero chakale tsiku limodzi.

Mu Januwale 2024, magazi atasonyeza kuti impso zabwerera, ndinayambanso, ndipo ndinalakwitsanso, ngakhale pang'ono. Ndinkadzikoka tsiku lililonse zikhatho zitayang'ana kwa ine. Patatha masabata atatu chigongono chinayamba kuwawa chakumkati, pa kafupa kotuluka kaja, moti kunyamula thumba la simenti kunali nkhondo. Minyewa yolumikiza mnofu ndi fupa imalandira magazi ochepa, choncho imalimba mochedwa kuposa mnofu, ndipo ikapweteka imachiranso mochedwa. Ine zinanditengera masabata 10. Ndinaleka kudzikoka, n'kumapinda ndi kuwongola dzanja pang'onopang'ono nditagwira botolo la madzi la malita 1.5, mkono utagona pa ntchafu. Atsibweni anangoti, "Mphwanga, kuthamanga sikufika," ndipo ulendo uno ndinamva.

Zimene zinandimanga thupi ndinaziyamba mu Epulo 2024. Ndimachita masiku atatu pa sabata, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, 5 koloko m'mawa dzuwa lisanatuluke, kwa mphindi 50. Ndimayamba ndi mphindi 5 mpaka 8 zotenthetsa thupi: kuthamanga pamalo amodzi, kuzungulitsa mapewa ndi mfundo za manja, ndi mapushapu ochepa manja ali pakhoma. Chochita chilichonse ndimachichita maulendo atatu, kupuma mphindi ziwiri pakati. Ulendo uliwonse ndimaleka pamene ndikumva kuti kwatsala kamodzi kapena kawiri kuti ndilephere. Lamulo lalikulu ndi ili: ndikakwanitsa ka 12 pa maulendo onse atatu, mwaukhondo, masiku awiri otsatizana, sindiwonjezera chiwerengero, ndimasintha kachitidwe kuti kalimbe, n'kubwerera pa ka 6 kapena ka 7.

Pa mapushapu makwerero ake ali motere. Woyamba kumene aike manja pa tebulo kapena pa khonde lokwera, kenako pansi, kenako manja oyandikana pansi pa chifuwa, kenako mapazi pa mpando wa masentimita 40 kapena 45. Ukadutsa apo, tambasulira dzanja limodzi kumbali kuti katundu wambiri agwere dzanja linalo, ndipo pomaliza ndi dzanja limodzi miyendo itatanyula. Thupi likhale lowongoka ngati thabwa, matako ndi mimba zitalimba. Zigongono zisatambasuke ngati mapiko a nkhuku, zipendekere kumbuyo chapakati pa nthiti ndi phewa. Kutambasula kuja ndiko kunkandibaya phewa. Tsika kwa masekondi awiri mpaka chifuwa chitatsala chibakera chimodzi kuti chikhudze pansi. Ngati mfundo za manja zikuwawa, gwira njerwa ziwiri kapena pinda zibakera pa chiguduli. Za mapewa, kweza matako m'mwamba thupi lipinde ngati denga la nyumba, n'kumatsitsa mutu patsogolo pa manja. Zikapepuka kweza mapazi pa mpando. Kudzitsitsa pakati pa mabenchi awiri n'kwabwino pa chifuwa ndi kuseri kwa mkono, koma usatsike kupitirira pamene phewa lalingana ndi chigongono.

Kukoka ndiko anthu ambiri amanyalanyaza, pomwe msana ndi akatumba zimachokera kumeneko. Chitsulo cha golo chisiyeni, magolo osakumbiridwa bwino amagwa ndi munthu. Ine ndinagula paipi ya madzi yachitsulo yonenepa masentimita atatu, yotalika mita imodzi ndi theka, n'kuiboolera m'mapolo awiri a bulugamu okumbiridwa masentimita 60 ndi kuthiridwa simenti. Ndinaika mabowo awiri, lina lokwera moti ndimagwira nditanyomphola zala za kumapazi, lina lolingana ndi chiuno. Pa lapansilo umagona chagada pansi pa paipi, zidendene pansi, thupi lowongoka, n'kumakoka chifuwa kuti chikhudze chitsulo. Amene sangathe kudzikoka ayambire pamenepa mpaka afike ka 12. Pa lapamwambalo yamba uli lende manja atawongoka, tsitsa mapewa kaye, kenako koka mpaka chibwano chidutse, osagwedeza miyendo. Kudumpha n'kutsika pang'onopang'ono kuja n'kothandiza pophunzira, koma ndi mankhwala amphamvu: ka 3 mpaka ka 5 pa ulendo, maulendo awiri kapena atatu, basi. Sinthasinthani kagwiridwe sabata ndi sabata kuti chigongono chisamadyeke malo amodzi.

Miyendo ndiyo yovuta kuimanga popanda zitsulo chifukwa inazolowera kale kunyamula thupi. Kunjuta ndi miyendo iwiri kumapepuka m'masabata ochepa, ndiye pafunika mwendo umodzi umodzi. Ika phazi limodzi kumbuyo pa mpando, lina patsogolo sitepe imodzi yaitali, tsika mpaka ntchafu yakutsogolo itagona mopingasa, bondo likuloza kumene zala zikuloza, osagwera mkati. Zikapepuka, tsika kwa masekondi atatu n'kuima pansi sekondi imodzi. Kenako phunzira kukhala pa mpando ndi kudzuka ndi mwendo umodzi, n'kumachepetsa msinkhu wa mpando mpaka kufika pa njerwa ziwiri. Kuseri kwa ntchafu, gona chagada pa simenti yosalala, zidendene pa thumba lopanda kanthu la ufa, kweza chiuno, n'kumakoka zidendene kubwera ku matako ndi kuzibweza pang'onopang'ono. Chimenechi chimawawa modabwitsa, yambani ndi ka 5. Akatumba a m'miyendo, imirira ndi phazi limodzi m'mphepete mwa sitepe, ka 15 mpaka ka 20. Mimba ndimamaliza nayo polendewera pa paipi n'kumakweza mawondo.

Zonse ndimalemba m'kope la sukulu: tsiku, chochita, ndi chiwerengero cha ulendo uliwonse. Popanda kope munthu umadzinamiza. Pakatha masabata 6 kapena 8 ndimatenga sabata imodzi yochita theka lokha.

Za chakudya ndinayamba ndafunsa adokotala ngati impso zanga zingalole, ndipo amene anadwalapo impso achite chimodzimodzi. Womanga thupi amafunika mapuloteni pafupifupi magalamu 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, ndiye wa makilogalamu 60 akufunika magalamu ngati 96. Zimenezi zimapezeka pamsika wathu womwewu. Mazira awiri amapereka magalamu 12. Phala lothira ufa wa soya wokwana magalamu 50 limapereka pafupifupi 18. Kapenta wouma wa ku Cahora Bassa, magalamu 40, amene ndi dzanja limodzi lodzaza bwino, amapereka oposa 20. Kapu yodzaza nyemba zophika, osati msuzi, ndi pafupifupi 15, ndipo mtedza wa magalamu 50, wokazinga kapena wotendera masamba, ndi 12. Nsima ya masana ndi madzulo imakwaniritsa zotsalazo. Soya aziyamba waphikidwa kapena kukazingidwa bwino asanagayidwe, chifukwa wamuwisi amasokoneza kugaya kwa chakudya n'kutupitsa mimba. Mtedza wachuku tayani, musaumire, uli ndi poizoni wowononga chiwindi. Nsima musachepetse: munthu wowonda sangakule ngati sakudya mopitirirako pang'ono zimene thupi likuwotcha. Ndimadziyeza kamodzi pa sabata m'mawa. Kukwera theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa mwezi n'kokwanira, ndipo chiuno chikamakula msanga kuposa chifuwa ndiye kuti ndi mafuta.

Kutentha kwa kuno kuli ndi malamulo ake. Ndimamwa makapu awiri a madzi ndikangodzuka, ndipo botolo limakhala pafupi ndi paipi. Mkodzo wa m'mawa ukakhala wachikasu kwambiri ndimayamba ndamwa n'kuchepetsa maulendo. Sindichita kalikonse tsiku lotsatira mowa, kapena thupi likutentha, kapena ndikutsegula m'mimba. Nditadwala malungo chaka chathachi ndinadikira sabata yathunthu nditamaliza mankhwala. Ndikapuma kupitirira masabata awiri, pobwerera ndimatsegula kope, n'kutenga theka la zimene ndinalekezera, n'kukwera pang'onopang'ono kwa masabata awiri. Tulo ndimayesetsa maola 7 kapena 8, ngakhale usiku wa Novembala ku Moatize umavuta kugona.

Miyezi itatu yoyamba ya njira yatsopanoyi palibe amene anaona kusintha, ndipo kangapo ndinalakalaka kubwerera ku mapushapu mazanamazana aja, chifukwa maulendo atatu a ka 8 amaoneka ngati masewera. Chimene chinandigwira ndi kope, poona kuti manambala akukwera. Pa mwezi wachisanu malaya anayamba kugwira m'mapewa. Patha miyezi 18 tsopano: makilogalamu 57 afika 66, ndipo ndivomereze kuti ena mwa amenewa ndi mafuta, chifukwa chiuno chawonjezera masentimita atatu. Mkono wachoka pa masentimita 28 kufika 33. Ndimadzikoka ka 14 mwaukhondo, ndipo pushapu wa dzanja limodzi ndimafika ka 5 kumanja, ka 3 kumanzere. Miyendo ikutsalirabe, ndipo chigongono chija chimandikumbutsa ndikangowonjezera kukoka mwadzidzidzi. Impso ndimakayezetsa kamodzi pa chaka, ndipo mpaka pano zili bwino.

Anyamata awiri a pafupi ndi sitolo ayamba kubwera pa paipi yanga m'mawa. Watsopano tsiku loyamba ndimamupatsa maulendo awiri okha pa chochita chilichonse, pa bowo lapansi lija ndi manja pa khonde, ndipo ndimamuuza kuti abwerenso mkuja, osati mawa. Mmodzi anadandaula kuti sanatuluke n'thukuta lomwe. Lachitatu anabwera akuyenda motsimphina, akuti ntchafu zikuwawa potsika sitepe. Ndinamufunsa mtundu wa mkodzo wake, anati woyera, ndiye tinatsegula kope n'kulemba tsiku lake lachiwiri.